NYUMBA YA KOMPYUTA

  Tikamba za cinthu cimene ambiri amaciona koma osaciganizira, ndico bokosi la citsulo m'mene kompyuta ya pa thebulo imakhala.

Mukalowa m'cipinda cophunziriramo makompyuta mudzaona zinthu zinai pa thebulo lililonse: galasi loonerapo, kiyibodi yolembera, kamausi kolozera, ndi bokosi limene mawaya onse amalowamo. Anthu ambiri amalicha bokosi limeneli CPU. Koma CPU yeniyeni ndi kacipangizo kakang'ono, konga bokosi la macisa m'litali ndi m'lifupi mwake, kamene kamakhala m'kati ndipo ndiko kamacita masamu onse a kompyuta. Bokosi lija ndi nyumba yake cabe.

Tsono wina angafunse kuti, "Ngati ndi nyumba cabe, tibvutikiranji nayo?" Kafunseni makolo anu za nkhokwe. Mlimi angathe kulima bwino, kuthira feteleza ndi kukolola ngolo zambiri za cimanga. Koma akacisunga m'nkhokwe ya denga lodontha ndi ya miyendo yodyedwa ndi ciswe, thukuta lake lonse lidzathera makoswe ndi anankafumbwe. Momwemonso zipangizo za mtengo wapatali za m'kati mwa kompyuta zimakhala zaka zambiri kapena zocepa malinga ndi nyumba imene zasungidwamo.

Nkhaniyi ikhudza sukulu yanu

Mu 2013 Unduna wa Zamaphunziro unakonza ndondomeko yatsopano ya maphunziro, ndipo kuyambira mu 2014 phunziro la makompyuta linalowa m'masukulu a Boma. Mayeso oyamba a phunziroli a Giredi 9 analembedwa mu 2015. Aphunzitsi ambiri akumbukira bwino caka cimeneco. M'masukulu ena makompyuta anali ocepa, magetsi anali kuzimazima, kotero kuti ana ena analinda nthawi yao ya mayeso kufikira usiku.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti m'kalasi muli ana 60 ndipo sukulu ili ndi makompyuta 10. Kompyuta iliyonse idzakhala ndi ana angati? Inde, ana 6. Nanga makompyuta anai akafa, otsala 6 aja adzakhala ndi ana angati iliyonse? Ana 10. Mwana wa kumbuyo kwa anzake asanu ndi anai sadzakhudza kiyibodi tsiku limenelo. Ndalama za sukulu n'zocepa, kaya zacokera ku Boma, kaya ndi mphatso ya abwenzi, kaya ndi phindu la nshawa ndi cimanga ca m'munda wa sukulu. Cifukwa cake masukulu ambiri amagula zinthu zochipa, ndipo palibe colakwa pamenepo. Cofunika ndi kudziwa malo amene wopanga bokosi lochipa wacepetsa, kuti tisiyanitse lochipa labwino ndi lochipa loononga.

Nchito zinai za bokosi

Makompyuta oyamba analibe bokosi longa limeneli. Kompyuta ina yochuka, dzina lake ENIAC, imene inamalizidwa ku Philadelphia m'dziko la America mu 1945, inadzaza cipinda cacikulu ndipo inali yolemera matani oposa 25. Mu 1981 kampani ya IBM inatulutsa kompyuta ya munthu mmodzi yokhala m'bokosi la citsulo lokwana pa thebulo, ndipo makampani ena anatsanzira. Mu 1995 kampani ya Intel inakhazikitsa muyezo wa ATX, umene umanena ukulu wa zipangizo ndi malo a mabowo omangirapo. Cifukwa ca muyezo umenewu, cipangizo copangidwa ndi kampani ina cimakwana m'bokosi lopangidwa ndi kampani inanso.

Bokosi lili ndi nchito zinai. Yoyamba ndi kugwira zipangizo zonse zolimba, ciliconse pamalo pake. Yaciwiri ndi kuzichinjiriza ku fumbi, cinyezi, tizilombo ndi kugundidwa. Yacitatu ndi kutsogolera mphepo kuti kutentha kutuluke. Yacinai ndi kuteteza inu amene muli kuigwiritsa nchito, kuti magetsi asakugwireni. Citsulo cozungulira zipangizozo cimachinganso mafunde a magetsi otuluka m'kati, amene akanatha kusokoneza mau a wailesi yonga imene muli kumverayi. Tsopano tione m'mene bokosi lochipa limalepherera nchito zimenezi.

Citsulo

Coyamba cimene wopanga amacepetsa ndi citsulo. Inu nonse mudziwa malata ofolerera nyumba. Bambo wogula malata amafunsa geji yake, ndipo adziwa kuti lata la geji 28 ndi locindikala kuposa la geji 32, pakuti nambala ikakula lata limapyapyala. Mabokosi a makompyuta ali cimodzimodzi. Ochipitsitsa amapangidwa ndi citsulo cocindikala mamilimita 0.4 kapena 0.5, pamene abwinopo amakhala ndi ca mamilimita 0.7, 0.8 kapena kuposapo. Pepala limodzi la m'buku lanu lolembamo ndi locindikala pafupifupi mamilimita 0.1. Gwirani mapepala asanu pakati pa zala zanu, kenaka gwirani asanu ndi atatu. Kusiyana kwake kuoneka kocepa, koma pa citsulo ndi kwakukulu ndithu.

Taganizirani ulendo umene bokosi limayenda. Ambiri amapangidwa ku China ndi m'maiko ena a ku Asia. Amaoloka nyanja pa sitima, amakwera galimoto lalikulu kucokera ku doko kufika ku Lusaka, kenaka amayenda makilomita oposa 550 mu mseu wa Great East, kuoloka mlatho wa Luangwa, kufika ku Chipata. Kucokera pamenepo kufika ku sukulu ya kumudzi, bokosilo lidzagwedezeka m'miseu ya fumbi, mwina pa kagalimoto, mwina pa njinga. Citsulo copyapyala cimapindika pa ulendo wotere. Cikapindika, thabwa lalikulu la tinjira ta magetsi, limene amisiri amalicha motherboard, limakakamizika kupindika naco, ndipo tinjira take tingathe kuduka.

Citsulo copyapyala cimanjenjemeranso kompyuta ikayaka, nicilira ngati cidebe copanda kanthu. Makompyuta ambiri akale amasunga zolembedwa pa timbale ta m'cipangizo ca hard disk, timene timazungulira nthawi 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo timbale timeneti sitifuna kugwedezeka. Ndiponso mabowo a misomali yopota, imene amisiri amaicha masikuruu, amadyeka msanga m'citsulo cotere. Mukamasula ndi kumanga kangapo, msomali umangozungulira osagwira.

M'mphepete ndi m'mabowo

Caciwiri ndi m'mphepete mwa citsulo. Pitani kwa mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula pa msika wa Kapata ku Chipata, kapena wa m'mudzi mwanu, mukaone m'mene amacitira ndi mlomo wa ndowa. Amaupinda bwino kuti usaceke dzanja la wotunga madzi, ndipo kupindako kumalimbitsa ndowa yonse. Wopanga bokosi labwino amacita comweco. Wopanga mothamanga amasiya m'mphepete muli mwakuthwa ngati lumo. M'mphepete motere mumaceka zala za wokonza, ndipo pang'onopang'ono mumasenda khungu la mawaya okhudzana namo.

Yang'ananinso kumbuyo kwa bokosi. Kuli timipata tatitali tobvundikira ndi tizitsulo, timene anasiyira zipangizo zoonjezera. M'bokosi labwino tizitsulo timeneti timamangidwa ndi misomali yopota, ndipo mungathe kuticotsa ndi kutibwezera. M'bokosi lochipitsitsa timathyoledwa, ndipo kakathyoka sikabwereranso. Pamatsala khomo la mphemvu, nyerere ndi nalimata, zimene zimakonda malo ofunda ndi amdima. Nalimata mmodzi akagona pa tinjira ta magetsi angathe kuocha cipangizo ca ndalama zambiri.

Pansi pa thabwa lalikulu lija payenera kukhala timiyendo tating'ono, kawirikawiri ta mkuwa wacikasu, tolikweza pafupifupi mamilimita 6 kuti lisakhudze citsulo ca bokosi. Timiyendo timeneti ndi tonga miyala imene mumaikapo nkhokwe kuti isakhudze dothi. Tikasowa, kapena kena kakaikidwa pamalo polakwika, magetsi amadumphira pa citsulo ndipo thabwa limapsa.

Mphepo

Cacitatu ndi njira ya mphepo. Zipangizo za kompyuta zimatentha pogwira nchito, monga thupi lanu limatenthera mukathamanga. M'bokosi lokonzedwa bwino mphepo yozizira imalowera kutsogolo ndi kunsi, nidutsa pa zipangizo, nitulukira kumbuyo ndi kumwamba, mokankhidwa ndi mafani. Fani ya mamilimita 120 imakankha mphepo yambiri ikuzungulira pang'onopang'ono, pamene ya mamilimita 80 iyenera kuthamanga ndi kucita phokoso kuti ifanane nayo.

Masiku ano mabokosi ambiri ochipa amakongoletsedwa ndi galasi m'mbali ndi timagetsi ta mitundumitundu. Akuluakulu anati, "Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere." Ena mwa mabokosi amenewa ali ndi nkhope yotsekeka ndi pulasitiki kapena galasi, yopanda mabowo okwanira, kotero kuti fani imazungulira koma mphepo ilibe polowera. Kumbukirani kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'kalasi ya malata yopanda siling'i. Kumbukiraninso kabvulubvulu ndi fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala, pamodzi ndi fumbi la coko la tsiku ndi tsiku. Fumbi likaunjikana pa zipangizo limakhala ngati bulangete. CPU ikatentha kwambiri imacepetsa liwiro lake kuti idziteteze, ndipo kutentha kukapitirira kompyuta imazima yokha, nchito ya mwana imene sanaisunge n'kutayika. Bokosi loyenera kwathu kuno ndi lokhala ndi mabowo ambiri kutsogolo, ndi kasefa kogwira fumbi kamene kangathe kucotsedwa ndi kukutumulidwa.

Kabokosi ka magetsi

Cacinai ndico coopsa kuposa zonse, ndipo aphunzitsi muchere khutu. M'kati mwa bokosi, pamene pamalowa cingwe cocokera ku khoma, pali kabokosi kena kacitsulo kamene amisiri amakacha power supply. Magetsi a m'nyumba zathu mu Zambia ndi a mavoliti 230, koma zipangizo za kompyuta zimafuna mavoliti 12, 5 ndi 3.3 cabe. Kabokosi kameneka ndiko kamatsitsa mphamvuyo. Mabokosi ambiri ochipa amagulitsidwa ali ndi kabokosi ka magetsi kale m'kati, ndipo apa ndi pamene opanga ena amacepetsa kwambiri, podziwa kuti wogula sadzaonamo. Pa cikalata cake pangathe kulembedwa mawati 500, koma iko kosatha kupereka mphamvu yotere. Kena kamasowa tizipangizo tozimitsa magetsi pakacitika ngozi, ndipo pakufa kamapha thabwa lalikulu ndi cosungiramo zolembedwa.

Kabokosi kabwino kamakhala kolemerako m'manja, kali ndi dzina la kampani yodziwika, ndipo wogulitsa amabvomera kukalembera cikalata colonjeza kukabweza kakafa msanga. Tina timakhala ndi cizindikiro ca 80 Plus, cimene cinayamba mu 2004, cosonyeza kuti pa magawo 100 a magetsi olowa, osacepera 80 amafika ku zipangizo m'malo mosanduka kutentha.

Nkhani imeneyi ndi yaikulu kwa ife cifukwa magetsi athu ambiri amacokera ku madzi. Mu 2015, mu 2019, ndiponso pa cilala ca mu 2024, madzi anacepa m'damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Pamene magetsi abwerera atazima, nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira, ndipo kabokosi kofooka ndiko kamayamba kupsa.

Pali macenjezo awiri. Makompyuta ena akale, makamaka amphatso ocokera ku America, ali ndi kaswici kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Kayenera kukhala pa 230. Kakakhala pa 115, kabokosi ka magetsi kadzaphulika nthawi yomweyo. Cenjezo laciwiri ndi la pulagi ya mano atatu. Dzino lalitali la pamwamba ndi njira yopita m'nthaka, ndipo limalumikizana ndi citsulo ca bokosi. Waya wa magetsi akakhudza citsuloco mwangozi, mphamvuyo imathawira m'nthaka m'malo modutsa m'thupi mwanu. Musalole kuti dzino limeneli lithyoledwe, kapena kuti mawaya alowetsedwe m'soketi popanda pulagi. Inu ana, mukakhudza bokosi n'kumva ngati lakulumani, cokanipo ndi kuuza aphunzitsi msanga.

Pogula

Aphunzitsi akulu ndi a komiti ya makolo, pamene mupita ku sitolo kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Pemphani wogulitsa atsegule bokosi muone m'kati. Linyamuleni mumve kulemera kwake. Dinikizani cibvundikiro ca m'mbali ndi cala cacikulu. Cikabonyoka mosabvuta ngati citini ca cakumwa, citsuloco n'copyapyala. Liimikeni pa thebulo losalala muone ngati miyendo yonse inai yafika pansi. Yendetsani kansalu m'mphepete mwa m'kati. Kakakodwa kapena kung'ambika, m'mphepetemo ndi mwakuthwa. Dinikizani batani loyatsira kangapo, ndi kugwedeza pang'ono timabowo ta USB ta kutsogolo, pakuti izi ndizo manja a ana adzakhudza nthawi zambiri. Potsiriza werengani cikalata ca pa kabokosi ka magetsi. Ngati ndalama zatsalako pang'ono, ziikeni pa kabokosi kameneka, galasi ndi timagetsi tokongola zilekeni.

Masukulu ambiri amalandira kapena kugula makompyuta amene anagwirapo kale nchito m'maofesi a kunja, a makampani onga Dell, HP ndi Lenovo. Kawirikawiri mabokosi ao ndi olimba kuposa atsopano ochipa, pakuti anapangidwira nchito ya zaka zambiri. Koma ambiri a iwo satsata muyezo wa ATX m'zonse. Kabokosi kao ka magetsi kali ndi maonekedwe akeake, ndipo kakafa simungaikemo kena kalikonse. Cotero funsani musanagule: kodi cina colowa m'malo mwake cipezeka ku Chipata, kapena tidzacita kuitanitsa ku Lusaka? Yang'ananinso dzimbiri m'makona, cifukwa limasonyeza kuti bokosilo linakhala pa cinyezi.

Kusamala limene muli nalo

Kapena sukulu yanu ili kale ndi mabokosi ochipa. Musataye mtima. Nkhokwe ya nsungwi yosamalidwa imasunga cimanga kufikira masika ena. Ikani bokosi pa thebulo lolimba, kutali ndi bolodi ndi zenera lolowa mvula, pakuti pansi ndi pamene fumbi ndi madzi okolopera zimafika. Siyani mpata wa cikhatho cimodzi pakati pa bokosi ndi khoma. Posesa, yambani mwawaza timadzi pansi kuti fumbi lisabuke. Musadyere m'cipinda ca makompyuta, cifukwa nyenyeswa zimaitana mphemvu ndi makoswe, ndipo makoswe amadya mawaya. Pomaliza phunziro, zimitsani kompyuta, ilekeni izizire, ndipo ibvundikireni ndi citenje coyera. Koma musaibvundikire ikali yoyaka. Magetsi akazima, kapena mukamva mabingu m'nyengo ya dzinja, zulani pulagi ku khoma. Citani comweco potsekera sukulu.

Kamodzi pa temu, mphunzitsi wodziwa kapena mmisiri azule pulagi, atsegule cibvundikiro, acotse fumbi ndi kaburashi kofewa, ndi kutseka mipata yothyoka ya kumbuyo. Kabokosi ka magetsi kokha kasatsegulidwe ndi munthu aliyense amene sanaphunzire nchitoyo, cifukwa muli tizipangizo timene timasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Inu ana, kutsegula bokosi si nchito yanu. Nchito yanu ndi kuona, kumva ndi kunena: fani ikayamba kulira mwacilendo, mukamva fungo la cinthu copserera, kapena bokosi likatentha kwambiri, uzani aphunzitsi.

Zocita pambuyo pa nkhaniyi

Aphunzitsi, thandizani ana kucita izi. Ngati sukulu ilibe kompyuta, jambulani bokosi pa bolodi, kapena gwiritsani nchito katoni yobooledwa kutsogolo ndi kumbuyo.

1. Ana achule nchito zinai za bokosi la kompyuta, ndi kuziyerekeza ndi nchito za nkhokwe.
2. Ana apime ndi rula kucindikala kwa mapepala 100, kenaka awerengere kucindikala kwa pepala limodzi. Ndi mapepala angati amene afanana ndi citsulo ca mamilimita 0.5? Nanga ca 0.8?
3. Kompyuta itazimitsidwa ndi pulagi itazulidwa, ana ayendetse maginito yaing'ono kunja kwa cibvundikiro ndi pa nkhope ya bokosi, apeze mbali za citsulo ndi za pulasitiki.
4. Ana ajambule bokosi ndi kulemba mibvi yosonyeza kumene mphepo imalowera ndi kumene imatulukira.
5. Kalasi ipangane malamulo asanu osamalira makompyuta, iwalembe pa pepala lalikulu ndi kuwapacika pa khoma.